Mfutso wa Muwanga

A Gerevazio mtengo ankauona ngati matabwa amene sadachekedwe. Moyo wawo wonse udathera m'nkhalango ya paini pa phiri la Dedza, sowo m'manja, utuchi m'mutu, moti ngakhale atakalamba n'kubwerera kwawo ku Kasina, akangoima pansi pa mtengo maso ankayamba okha kuyeza kuti mutuluka matabwa angati. Zoti m'kati mwa tsamba mungakhale chamoyo china, chokhala phee ngati munthu wa lendi, adazimva imvi zili mbuu, ndipo adazimvera kwa mwana wawo yemwe.

Mwanayo ndi Filomena, mmodzi yekhayo amene adawakhalira. Ankachita kafukufuku mu labu ya pasukulu ina ya ukachenjede ku Lilongwe. Anzawo a kutchalitchi akafunsa kuti mwana wanu uja amatani, a Gerevazio ankangoti ndi dokotala, chifukwa chilungamo chake chinkawachititsa manyazi. Mwana wophunzira chonchija ankaweta chuku. Chuku chenicheni, chonga chimene chimamera pa buledi wokhalitsa.

Kuti chukucho chifike pokhala nkhani, padayamba ndi maliro. Akazi awo a Gerevazio, a Nankhoma, adadzitema ndi khasu paphazi akukumba mbatatesi kudimba. Kabala kake kadali kosati n'kuuza munthu. Koma kadatupa, kadatukusira, ndipo kuchipatala adasintha mankhwala awa, adasintha awo, bala osamva. Madokotala adati tizilombo take n'tija tidasiya kuopa mankhwala. Mvula isanathe, a Nankhoma adatsogola.

Adakawaika kwawo, m'mudzi wina kufupi ndi Mayani, pansi pa muwanga waukulu. Pamene bokosi linkatsika, Filomena adagwira nthambi ya muwangawo imene idali pafupi. Adazindikira ali m'galimoto yobwerera kuti m'dzanja mwake mudakali masamba. Munthu wina akadawataya kapena kuwaika m'buku la mapemphero. Iye adapita nawo ku labu, adawatsuka kunja kwake bwinobwino, adawadula tizidutswa n'kutiyala m'timbale take tagalasi. M'kati mwa tsamba mudatuluka chuku choyera ngati thonje. Atachiika pafupi ndi tizilombo tosamva mankhwala tija, tizilomboto tidafa, n'kusiya malo oyera mozungulira chukucho. Kuyambira tsiku limenelo Filomena sankalankhulanso za china.

Padapita zaka ziwiri. M'mawa wina wa mu Juni, kuzizira kwa ku Dedza kuja kofika m'mafupa, foni ya a Gerevazio idalira iwo akuwotha dzuwa pakhonde.

"Chafa, ababa," adatero Filomena, mawu ali ammphuno.

"Wamwalira ndani?"

"Chuku chija. Magetsi anathima nthawi yaitali, jenereta inakanika kulira, firiji inatentha. Potsegula ndapeza chuku china chachabechabe chadya zonse."

A Gerevazio mtima udakhala pansi pomva kuti si munthu, koma adadziwa kuti asaonetse. "Nanga miwanga yatha m'dziko muno, mwanangu? Kathyole masamba ena."

"Ndayesa, ababa. Ku Dzalanyama ndapita, ku Chongoni ndapita. M'miwanga ina muli chuku cha mitundu ina. Chimene chija chili mumtengo umene uja basi, wa pamanda pa amayi. Nanga ine mkazi ndikalowa bwanji kumanda popanda maliro? Ndiponso mukudziwa kuti n'kudambwe kuja. Masamba omwe ayamba kuyoyoka mwezi uno." Adapumira m'mwamba. "Basi, ndiona zina zochita."

Sadapemphe kanthu, ndipo n'zimene zidawapweteka kwambiri a Gerevazio. Mwanayo ankadziwa kuti bambo ake nawonso njira ya kumeneko adaitseka okha. Iwo adali Mngoni wa Chikatolika, wosavinidwa, amene adakhala pachikamwini m'mudzi wa Achewa a gule. Pa maliro aja mlamu wawo, a Ezara, mchimwene wa malemu, adafuna kuti gule avine polira mlongo wawo. A Gerevazio adakana kwamtuwagalu, nati mkazi wanga adabatizidwa, aperekezedwa ndi nyimbo za mpingo. Mpingo udayimbadi, gule sadatuluke. Atameta maliro adawasudzula mwamwambo wake, ulemu wonse ulipo, koma a Ezara sadawapatse dzanja. Chichokereni tsiku limenelo, a Gerevazio sadaonenso manda a akazi awo.

Tsiku lonselo adangozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. M'mawa mwake adagwira tambala wawo wofiira, adam'manga miyendo, nakwera njinga yamoto ya kabaza kulowera ku Mayani. Filomena sadamuuze. Ankafuna kuti mwanayo adzangowaona atafika ndi masambawo.

A Ezara adawapeza akusema mpini kuseri kwa nkhokwe. Adali munthu wamkulu thupi, mimba yotsogola, khosi lalifupi. Adamuona mlendoyo, adamuonanso tambala, napitiriza kusema.

"Odi kuno, alamu."

"Kodi akumpingo amagogodanso kwa akunja?" adatero a Ezara. "Khalani poteropo. Mpando wake ndi wachikunja, musamale."

A Gerevazio adameza mawuwo ngati mankhwala a malungo, nakhala. Adafotokoza zonse, za masamba, za chuku, za firiji, ndipo pofotokozapo adaona okha kuti zikumveka ngati za munthu wozungulira mutu. A Ezara adamva mpaka kumapeto.

"Ndiye mwana wa mlongo wanga akulira chifukwa cha chuku?"

"Akulira, alamu."

"Mukadakhala inu olirawo, bwenzi ndikuti lirani. Koma Filomena ndi mbumba yanga." Adaika kasemasema pansi, natenga thumba la feteleza lopanda kanthu, nalowera kumsitu wa kumanda. Pobwera thumbalo lidali lodzaza mpaka kukamwa. Adaliponya pamapazi pa mlamu wawo. "Ndadzazitsa dala, kuti musavutike kubweranso."

Apa tsono ndi pamene chikondi chidalakwitsa zinthu. Atafika ku Kasina, a Gerevazio adapisa dzanja m'thumba muja napeza masamba ayamba kale kufunda. Ulendo wa ku Lilongwe udali wa Loweruka. Masamba aawisi m'thumba mpaka Loweruka? Ngakhale mwana amadziwa kuti aola. Ndipo ndani ku Dedza sadziwa chochita ndi masamba amene ukufuna kuti akhalitse? Umafutsa. Zaka zonse zimene Filomena adali ku sekondale yogonera komweko, mayi ake ankamutumizira mfutso wa chitambe ndi nkhwani, wokulunga m'chikwatu cha masamba a msuku, ndipo sudaolepo ndi kamodzi komwe.

Adatsitsa mphika wa a Nankhoma umene adabwera nawo posudzulidwa, uja sankalola munthu kuukhudza. Adautsuka kawiri. Adawiritsa madzi, naviika masamba aja pang'ono chabe, monga ankaonera akazi awo akuchita, kenaka adawayanika pamphasa padzuwa. Amayi oyandikana nawo adaima kumpanda, manja m'chiuno.

"Agogo, njala yake yafika pofutsa muwanga? Mukadanena, nkhwani tili nawo."

"Ndi za sayansi izi," adayankha a Gerevazio monyada, akuingitsa nkhuku.

Masiku atatu adalondera mphasa ija, kuitembenuza, kuithawitsa mame. Masamba atauma gwa, adakatola masamba a msuku namanga chikwatu. Chidatuluka chopindika ngati dzungu lomera pamwala, luzi lili mbali zonse, komabe chidali chikwatu. Loweruka adavala jekete la ku Misa, nakwera minibasi atachifukata pamiyendo ngati khanda.

Filomena adatuluka mu labu atavala chovala chake choyera, nadabwa kuona bambo ake pakhomo.

"Ababa! Kwagwanji?"

"Kulibe chagwa. Landira." Adampatsa ndi manja awiri. "Muwanga wa amako. Atsibweni ako ndiwo athyola."

Filomena adayang'ana chikwatu chija nthawi yaitali. Adamasula luzi pang'onopang'ono. Fungo la masamba ofutsa litamufika m'mphuno, adatseka maso. Kenaka adayamba kuseka, ndipo kusekako kudasanduka kulira osadziwika pamene kudasinthira.

"Mwapita kwa atsibweni? Inuyo?"

"Ndapita."

"Ndipo mwafutsa nokha?"

"Mumphika wa amako. Sadapse ayi, ndinangoviika."

Filomena adawagwira dzanja nalowa nawo m'kati. Adawakhazika pampando wautali, nawaonetsa chithunzi chimene chidali pakhoma. Padali kambale kagalasi, kodera ponseponse, koma pakati pali kadontho koyera, ndipo mozungulira kadonthoko pali malo oyera mbee, ngati pabwalo posesa.

"Zoderazi ndi tizilombo tonga tija tinalowa m'bala la amayi," adatero. "Kapakatika ndi chuku chathu. Chimakhala m'kati mwa tsamba, mtengo umachidyetsa, icho chimatulutsa madzi ake oteteza mtengowo ku matenda. Malo oyerawa ndi pamene madziwo afika. Mukuona? Tizilombo talephera kuwoloka."

A Gerevazio adasendera pafupi. Adaika chala pamalo oyera paja. Kwa zaka ziwiri ankamva nkhani imeneyi pafoni ndi khutu limodzi, ndipo lero ndi pamene idawalowa. Adaona phazi la akazi awo, lotupa, lonyezimira, ndi nesi wa kuchipatala kuja akupukusa mutu.

"Koma ndi chamoyo, ababa," adapitiriza Filomena motsitsa mawu. "Chimafuna tsamba laliwisi, lothyola tsiku lomwelo. Madzi otentha chimafa nawo."



"Ndiye kuti ndaphika," adatero a Gerevazio. "Thumba lathunthu. Ndaphika ntchito yako, mwanangu." Manyazi adawagwira mpaka m'makutu, ndipo adalakalaka pansi patang'ambika.

Filomena adamanganso chikwatu chija, nachiika pashelefu pamwamba pa mabuku ake. "Ichi sindipatsa munthu," adatero. "Koma kamangidwe aka amayi akadakuthamangitsani nako kukhitchini."

Lolemba m'mawa adanyamuka onse awiri pagalimoto ya kuntchito kwa Filomena, kumbuyo kuli kabokosi kozizira. Njira yonse a Gerevazio ankayang'ana mitengo ya m'mbali mwa msewu, yambiri itayamba kale kukhala mbulanda. Kupita kwa a Ezara kamodzi kudali kumeza mwala. Kubwererako kukanena kuti masamba aja ndidawiritsa, adaona kuti bola kukaulula machimo kwa ansembe.

Atafika, Filomena adagwada patali nalonjera atsibweni ake. A Gerevazio sadadikire kufunsidwa. Adavula chipewa nanena zonse mmene zidayendera.

A Ezara adaseka. Adaseka mpaka mimba kugwedezeka, mpaka kutsokomola, mpaka akazi awo kusuzumira pakhomo. "Mfutso wa muwanga! Mudathirako nsinjiro, alamu?"

"Anamanga ndi chikwatu chomwe, atsibweni," adatero Filomena. "Cha masamba a msuku, ngati chija ankamanga amayi. Anaphikira mumphika wa amayi."

Kuseka kuja kudazima. A Ezara adayang'ana mlamu wawo, mutu wa imvi uja uli chowerama, zala zikupotokola chipewa. Adapukuta m'maso ndi chikhatho, ndipo palibe akadadziwa ngati idali misozi ya phwete lija kapena ina.

"Vuto lilipo," adatero. "Masamba am'munsi onse ndidapulula tsiku lija. Atsala ndi am'mwamba, ndipo akugwa tsiku ndi tsiku. Kudula nthambi kumanda sitidula. Kukwera, mimba iyi simukuiona?"

"Nanga anyamata a m'mudzi muno, atsibweni?"

"Kulibe. Onse apita kumsika."

Anyamatawo adali pomwepo, pansi pa mtengo wa mango kutsidya kwa bwalo, akusewera bawo, phokoso lili pwirikiti. Filomena adawaona, nazindikira kuti atsibweni ake anena dala.

"Pakufunika munthu wowonda, wozolowera mitengo," adatero a Ezara, osayang'ana aliyense. Adadzuka, nalowa m'khola, natuluka ndi tambala wofiira uja, amene sadamuphe. "Ndikaonane ndi amfumu. Mundidikire."

Atabwera, tambala adalibe. Adaima patsogolo pa a Gerevazio. "Mpeni uli m'thumbawo siyani pano. Muziponda pamene ndaponda ine. Maso anu akhale pa zidendene zanga, ndipo za kudzanja lamanzere si zanu. Mwamva?"

"Ndamva, alamu."

Filomena adawaperekeza mpaka pamene njira imalowa mumsitu, pomwe akazi amalekezera. Adapatsa bambo ake timapepala tapulasitiki toyera. "Obiriwira okhaokha, opanda mawanga. Ndipo chonde, ababa, musawachite chilichonse."

M'katimo mudali mozizira ndi mwa mdima pang'ono, masamba ouma akulira kumapazi. Mitengo yake idali yoti a Gerevazio sadaionepo kukula kwake chichokereni ubwana, mikuyu, misuku, miwanga yoti anthu awiri sangaikumbatire. Pa tsiku la maliro sadaione, maso adali odzaza. Lero adaiona ndi m'mbali mwa diso, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sadawerenge matabwa.

Zidendene za a Ezara zidaima.

A Gerevazio ankayembekeza kupeza thengo. Adapeza mtumbira wolambulidwa bwino, wozunguliridwa ndi miyala. Kumutu kwake kudali mtanda uja adakhoma okha ndi matabwa a paini usiku wa maliro. Paini sakhala mvula ziwiri m'dothi, zimenezo ankazidziwa kuposa munthu aliyense. Koma mtandawo udali chiimire, wakuda bii, wonunkha oilo wa galimoto.

"Chiswe n'chambiri kuno," adatero a Ezara mokalipa, ngati wina wawatsutsa. "Ndimaupaka. Musaganize kuti ndatembenuka. Mlongo wanga ankazikonda zimenezi, basi."

A Gerevazio adagwada. Adafuna kunena Tikuoneni Maria koma adangoika dzanja padothi paja nalira ngati mwana. A Ezara adatembenukira kumbali, nayamba kuchotsa udzu pamanda ena amene adalibe udzu.

Patapita nthawi adakhosomola. "Dzuwa likukwera, alamu. Mwana akudikira."

A Ezara adakumbatira thunthu la muwanga, nawerama. A Gerevazio adavula nsapato, naponda pamsana, kenaka pamapewa.

"Mayo! Munthu wowonda chonchi kulemera ngati ng'ombe! Ndi machimo amenewa."

"Limbani, alamu, ndatsala pang'ono."

Manja akale aja adakumbukira okha ntchito yawo. Adagwira nthambi, nadzikoka, nakhala pamphanda. Kumtundako masamba obiriwira adali atatsala ochepa, a apa ndi apo. Adasankha limodzilimodzi, kulitembenuza, kuliyang'ana kumbuyo, ndi ulemu umene sadaupatsepo mtengo uliwonse. Potuluka mumsitu adapeza Filomena ali chiimire pomwe adamusiya, kabokosi kali kotsegula kale. Adalandira, adayang'ana padzuwa, nagwedeza mutu. Adagwadira atsibweni ake mofulumira nathamangira kugalimoto.

Kudikira kudali kowawa. A Gerevazio ankayenda ndi foni m'thumba la malaya ngakhale popita kuchimbudzi. Masabata adapita, mphepo ya Julayi idayoyola masamba onse otsala, ndipo ankadziwa kuti zikakanika apa ndiye mpaka chaka chamawa, ngati Filomena angakhale adakali ndi mtima. Foni idalira Lachinayi lina masana, akupalira mbewu ya kabichi.

"Chamera, ababa! Choyera chomwe chija. Ndachiyesa dzulo, ndipo malo oyera aja abweranso."

A Gerevazio adakhala pansi pamzere pomwepo.

"Koma musakauze a kutchalitchi kuti ndapeza mankhwala," adapitiriza Filomena. "Padakali ntchito ya zaka, ndipo mwina osatheka n'komwe. Chokhacho, ulendo uno ndachisunga malo angapo."

"Weta, mwanangu," adatero iwo. "Weta chuku chakocho. Aliyense wondifunsa ndimuuza kuti ndi imene umagwira."

A Ezara foni adali nayo, ndipo nambala yake Filomena adali atawalembera. Koma a Gerevazio adasamba, navala jekete, nakakwera kabaza. Adawapeza mlamu wawo malo omwe aja kuseri kwa nkhokwe, nawauza nkhani yonse, mpaka kujambula ndi chala padothi kambale, kadontho ndi malo oyera ozungulira. A Ezara adawerama nayang'anitsitsa, akugwedeza mutu ngati munthu amene adadziwa kale kuti zidzatero.

Nkhani itatha, a Gerevazio adayamba kupotokola chipewa chawo.

"Alamu, ndili ndi pempho limodzi. Tsiku limene mudzapite kukapaka mtanda uja, mukawauzeko mayi a Filomena. Mukati mwana wawo uja zamuyendera."

A Ezara adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Adadzuka movutikira, nasasa fumbi kumbuyo, natenga kachitini ka oilo kamene kadali pansi pa nkhokwe n'kuwapatsira m'manja.

"Ine ndakhala mtumiki wanu liti? Siyani mpeniwo apo. Tiyeni mukawauze nokha akazi anu."